Ndikufuna kupanga magemu, koma kunyumba akuti ndi masewera a ana

Alangizi,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Zomba ndi makolo anga, ndipo chaka chatha ndinamaliza maphunziro a za kompyuta pa yunivesite ina ya boma. Ndakulemberani chifukwa mtima wanga uli pa ntchito yopanga magemu a pa foni ndi pa kompyuta, koma aliyense amene ndamufunsa nzeru kuno akungondiuza kuti ndisiye zachibwana ndikafune ntchito yeniyeni. Ndikupempha kuti mundithandize kuona njira yoyambira ntchitoyi popanda kutaya banja langa, limene landivutikira kwambiri.

Kuti mumvetse pamene ndafika, ndapanga kale gemu ya bawo yoseweredwa pa foni za Android. Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu yopangira magemu ya Godot chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa laputopu yanga yakale, pamene ina yotchedwa Unreal Engine imafuna makina amphamvu amene sindingakwanitse kugula. Inanso yotchedwa Unity ndinaiphunzirako, koma mu 2023 eni ake atalengeza kuti opanga magemu azilipira malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene aika gemuyo m'makina awo, ndinachita mantha, ndipo ngakhale anabweza ganizolo mu 2024 ine ndinali nditazolowera kale Godot. Chimene chinanditengera nthawi yaitali ndi kuphunzitsa kompyuta malamulo a bawo, kuti idziwe kufesa nkhomo 64 m'mabowo 32, pamene iyenera kudya ndi pamene iyenera kutakata. Nditamaliza ndinapita nayo kwa madala amene amasewera pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wathu. Poyamba anakana kugwira foniyo, koma mmodzi atayesa, ena onse anasiya bawo lawo lamatabwa n'kumuzungulira, akumulangiza bowo loti ayambire, mpaka batire linatha. Anandisonyezanso malamulo ena amene kwathu kuno amasiyana ndi a m'madera ena. Tsiku limenelo ndi limene ndinatsimikiza kuti anthu athu angathe kukonda gemu imene ikunena za moyo wawo.

Vuto lalikulu ndi ndalama, ndipo pano ndikufuna kufotokoza mwatsatanetsatane. Kuti munthu aike gemu pa Google Play, msika wa mapulogalamu a foni za Android, amalipira madola 25 kamodzi kokha, ndipo amene akulembetsa kumene payekha amayenera kupeza anthu 12 oti ayese gemuyo kwa masiku 14 isanaperekedwe kwa aliyense. Pa Steam, msika wa pa intaneti wa magemu a pa kompyuta, amalipira madola 100 pa gemu iliyonse, kenako eni ake amatengako 30 pa 100 iliyonse ya zimene wagulitsa, pamene Apple, kampani yopanga foni za iPhone, imafuna madola 99 chaka chilichonse. Kwa mnzanga wa ku Ulaya ndalama zimenezi n'zochepa, koma kuno kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowa moti kulipira chinthu pa intaneti ndi khadi la kubanki ndi nkhondo. Ngakhale gemuyo italowa pa msika, ndani adzaigule? Anthu ambiri amene ndikuwapangira amalipira zinthu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, alibe makhadi, ndipo amaganiza kawiri asanawononge bandulo yawo pokopera gemu. Kuonjezera apo, ine ndimadziwa kulemba mapulogalamu basi. Zithunzi ndi nyimbo zimafuna anthu ena aluso, amenenso ayenera kulipidwa thukuta lawo.

Pakali pano kampani ina ya ku Lilongwe yandiitana kuti ndizikasamalira makompyuta ndi netiweki ya mu ofesi mwawo. Malipiro ake si ambiri, koma ndi a mwezi ndi mwezi. Bambo anga, amene anapuma ntchito yauphunzitsi, anagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti ndimalize sukulu, ndipo pambuyo panga pali alongo anga awiri amene ali ku sekondale. Bambowo amati mwana woyamba sasewera ndi mwayi wa ntchito, ndipo sindingawatsutse, chifukwa ndikudziwa mmene fizi imawasowetsera tulo teremu ikamayamba. Chimene chimandipweteka n'chakuti akandiona pa laputopu usiku amaganiza kuti ndikusewera, ndipo ndasowa mawu owafotokozera mwaulemu kuti kupanga gemu ndi ntchito yofuna masamu ndi kuleza mtima ngati ntchito ina iliyonse yaukatswiri.

Ndawerenga za anzathu a mu Africa muno amene zinawayendera. Kiro'o Games ya ku Yaoundé m'dziko la Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016, Free Lives ya ku Cape Town inatchuka ndi Broforce mu 2015, ndipo Nyamakop ya ku Johannesburg inatulutsa Semblance mu 2018. Ku Lagos kuli Maliyo Games, imene imapanga magemu a pa foni onena za moyo wa ku Africa. Komabe sindikufuna kudzinamiza, pakuti mu Januwale 2024 yekha Microsoft inachotsa ntchito anthu pafupifupi 1,900 a m'gawo la magemu, ndipo Unity inachotsa pafupifupi 1,800. Ngati akatswiri a zaka zambiri akusowa pogwira, ine woyamba kumene ndingayembekezere chiyani? Msuweni wanga amene ali ku Cape Town akuti ndimutsatire chifukwa makampani a magemu ali kumeneko, koma kupita kopanda chilolezo chogwirira ntchito sindikukuona ngati nzeru.

Tsono, Alangizi, ndithandizeni pa izi. Kodi ndivomere ntchito ya ku Lilongwe n'kumapanga magemu madzulo ndi Loweruka, ndikumaika zimene ndapanga pa itch.io, webusaiti yoikapo magemu pamene salipiritsa, komanso kulowa nawo Global Game Jam ya mu Januwale, imene anthu amapanga gemu m'maola 48? Mantha anga ndi akuti ndikazolowera malipiro, kutopa kwa ku ofesi kudzazimitsa changu chimene ndili nacho lero, monga ndaonera anzanga ena amene tinkaphunzira limodzi. Kapena ndipemphe bambo kuti andipatse chaka chimodzi choti ndimalize gemu ya bawoyi ndi kuiika pa msika, podziwa kuti ntchito yandiitanayi sidzandidikira? Ndikufunanso kudziwa ngati kwa munthu wa ku Malawi kuno kuli bwino kufunafuna maphunziro ena apamwamba kunja, kapena kungolimbikira kupanga magemu ang'onoang'ono omalizika oti ndizionetsa olemba ntchito. Koposa zonse, ndiuzeni mmene ndingakhalire pansi ndi bambo anga n'kuwafotokozera zimenezi, mwina kudzera mwa amalume, iwo osaona ngati ndikunyoza zimene anandichitira. A ku kampaniyo akufuna yankho langa mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Mnyamata wa ku Zomba