Kalata kwa Mpingo: Achinyamata Athu Ovutika Maganizo

Okondedwa mwa Ambuye, makolo, akulu ampingo ndi amayi a Chigwirizano,

Mwezi watha ndinakacheza pakhomo lina kuno ku Angónia, ndipo banjalo landilola kuti ndikuuzeni zimene ndinaona. Mnyamata wa zaka 22 anali atabindikira kuseri kwa nkhokwe. Usiku sagona, amamva mawu omunena, nsima ya mlongo wake amaikana poganiza kuti athiramo mankhwala. Agogo ake anayala mphasa pambali pake n'kuyamba kutonola chimanga, osanena zambiri. Patapita nthawi manja ake anasiya kunjenjemera, iyenso anatola chisononkho. Madzulo amenewo anadya.

Matendawa achipatala amawatcha psychosis. Kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 15 ndi 30, ndipo chamba, kusagona ndi nkhawa zimawakolezera. Tonsefe mtima ukalemera timakautula kwa mnzathu. Wachinyamata wotereyu amafunitsitsanso womukhazika mtima pansi, koma matendawo amamunong'oneza kuti abale akewo ndiwo adani. Ndiye wina amadzitsekera m'nyumba, wina amafunsa kakhumi konse kuti, "Amayi, akundisaka eti?" Si mwano umenewo ayi, akufuna kubwereka mtendere wanu.

Musamukalipire kuti asiye zamisala. Musamuvomerezenso kuti indedi akumulodza, mantha amangokula. Muuzeni mofatsa kuti, "Mwanawe, ine mawuwo sindikuwamva, koma ndikuona kuti ukuopa. Ndili pompano." Madokotala anaona kalekale kuti pakhomo pomwe wodwala amangodzudzulidwa ndi kukalipiridwa, matendawa sachedwa kuyambiranso. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 aja amene anakhala naye chete; analakwa atayamba kumufufuza tchimo.

Tipemphera naye ndithu. Koma zomuzungulira usiku wonse n'kumamufuulira, kapena kumumanga ndi chingwe pamtengo, ndikukupemphani ndi misozi, zilekeke pakati pathu. Pitani naye kuchipatala ku Ulongwe kapena ku Tete, mukafunse técnico wa psiquiatria, wachipatala woona za matenda a maganizo. Mankhwala alipo, ndipo kuyamba msanga kumathandiza kwambiri.

Agogo aja sangasenze okha katunduyu, nawonso amatopa. Inu akwaya, mnzanu akasowa masabata awiri, pitani mukamuone, koma awiri okha, osati gulu. Muitaneni kudimba mukakumbe naye mbatatesi, ngakhale asayankhule.

Lamlungu likudzali tikaweruka, akulu ampingo mutsalire tigawane makomo oti tiziyendera.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.