Pempho la Komiti ya Sukulu: Buleki ya Chokwezera Matumba Yatha

Kwa ana athu okhala ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni ndi kwina konse,

Landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya sukulu pamodzi ndi a mfumu. Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko.

Chigayo cha mpunga chija chili kuseri kwa bwalo la mpira mukuchidziwa. Ena a inu munasenza njerwa zake muli sitandade 6. Ndicho chimagula ufa wa phala la ana, kulipira alonda, ngakhale choko chikatha timathamangira komweko. Chigayocho chikulirabe, koma chokwezera matumba pansanja tachitseka ndi loko.

Lachiwiri lapitalo thumba la makilogalamu 50 lili m'mwamba, mnyamata wa pachigayo anasiya batani kuti liime. Silinaime. Linatsetsereka n'kugwera pa sikelo, pafupi penipeni ndi mayi wina amene anali ndi mwana kumbuyo. Sikelo inaphwanyika. Bwenzi kalatayi ili ya maliro.

Tinaitana amisiri a zamagetsi kuchokera kuboma, anatsegula kumbuyo kwa mota, ife tili chilili kuonerera. Anatilongosolera kuti buleki ya mota yotereyi si ngati ya njinga yoti munthu afinye. Imakhala yogwira kale, masipuling'i ndiwo amapanikiza mbale yachitsulo pa chimbale chozungulira. Magetsi akalowa, koyilo (waya wokulungakulunga wa m'kati mwa buleki) imasanduka maginito n'kukoka mbaleyo, mota n'kumasuka. N'chifukwa chake magetsi akathima mwadzidzidzi thumba limangolendewera osagwa. Pakati pa mbale ndi koyilo pamakhala kampata, pa mota yaing'ono ngati yathu kosaposa theka la milimita. Chimbale chikamadyeka kampatako kamakula, maginito amalephera kukoka, buleki n'kumakhula mota ikuyenda. Fungo lopserera lija timalimva miyezi yonseyi n'kumati ndi lamba, linali limenelo. Kabokosi kena kangati ka machesi, kamene amati rectifier, kosintha magetsi kuti afike pa koyilo, nakonso kapserera mbali imodzi. Mwamwayi koyilo ataiyeza anapeza kuti ili moyo.

Apa ndiye pochititsa manyazi. Buleki itayamba kulira, ife tomwe tinauza mnyamata kuti athirepo oyilo. Kulira kunatha, tinasangalala. Osadziwa kuti oyiloyo walowerera m'chimbale n'kusakanikirana ndi fumbi la mankhusu, buleki n'kumangoterera. Amisiri aja anagwira pakamwa. Akuti chimbale chomwa oyilo sichichapidwa, n'chofunika china basi. Wina pamsonkhano anati tingomanga kachitsulo komasulira buleki ndi waya, tizikweza mochenjera. A mfumu anamufunsa kuti pansi padzaima mwana wa yani. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Sitinakhale pansi kudikira. Banja lililonse lasonkha mbale ya mpunga, aphunzitsi aponyapo kangachepe, ndipo ndi zimenezi talipira amisiri ndi ulendo wawo. Amayi a m'mudzi muno, amayi anu, akusinthana kukwera makwerero thumba lili pamutu kuti chigayo chisagone. Ena a iwo ndi oyenda ndi ndodo ku tchalitchi. Makasitomala a kutali ayamba kudutsa n'kupita kumsika, ndiye phala tachepetsa, ana akumwa masiku ena okha.

Bwana wina anaima pano chaka chatha, anajambulitsa chithunzi atagwira tcheni cha chokwezeracho, n'kulonjeza mota yatsopano. Foni yake ikulirabe osayankhidwa.

Ife sitikupempha mota yatsopano. Tikufuna chimbale cha buleki, rectifier, ndi timapepala tachitsulo toyezera kampata kaja, kuti mnyamata wathu aziyeza yekha n'kumapukuta fumbi nthawi ndi nthawi. M'sitolo za pafupi zinthuzi sizikupezeka. Mtengo wake ndi woposa mphamvu zathu, koma kwa inu mutagwirizana si chinthu. Chithunzi cha kachitsulo kolembedwa manambala a mota tachiika pa gulu lathu la WhatsApp, limene ambiri mumawerenga koma osayankha.

Makamaka inu amene mumagwira ntchito m'mafakitale ku Joni, tikumva kuti mamota otere mumawatsegula tsiku ndi tsiku. Pa Khirisimasi timakuonani mukudutsa pa chigayo pa galimoto magalasi atakwezedwa. Ulendo uno imani, mutsike, mumuonetse mnyamatayu kamangidwe ka bulekiyi ngakhale kwa ola limodzi. A, b, c munaphunzirira pano.

Amene muli ndi kanthu tumizani kwa amayi asungichuma, nambala yawo muli nayo. Tikufunitsitsa kuti zikonzeke mpunga watsopano usanayambe kubwera mu Meyi. Za sikelo tidzakamba ulendo wina, pakadali pano tabwereka ya a sitolo.

Ndife makolo anu,
Komiti ya Sukulu