Lipoti la Nthumwi pa Msonkhano wa Kukonza Moto ndi Tchaji ya Mainjini Otchetchera Kapinga

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Monga munandituma, ndinakaimira gulu lathu pa msonkhano wa masiku awiri wa amisiri okonza mainjini ang'onoang'ono umene unachitika mumzinda wa Zomba muno sabata yatha. Kunabwera anzathu a ku Chinamwali, Matawale, Domasi, Thondwe ndi Namadzi, komanso ena a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene mainjini a mtundu womwewu amapopa madzi othirira mbewu. Msonkhanowu unabwera pa nthawi yake, pakuti tonse tikudziwa kuti mvula ikangoyamba mu Novembala kapena Disembala, makina amene anagona m'masitolo a sukulu, matchalitchi ndi malo ogona alendo chilimwe chonse amatipeza tsiku limodzi, eni ake akudandaula kuti sakulira pamene kapinga wafika kale m'mawondo.

Chachikulu chimene ndabwera nacho ndi ichi: pa injini zambiri zimene timakonza, mbali yotulutsa moto wa pulagi ndi mbali yotchaja batire ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zimadalira flywheel imodzi, gudumu lolemera lokhala ndi maginito limene limazungulira injini ikamalira. Koyilo ya moto imakhala kunja kwa flywheel ndipo imadzipangira yokha magetsi maginito akamadutsa, moti siifuna batire ngakhale pang'ono. Stator, imene tisaisokoneze ndi sitata yolizira injini, imabisala pansi pa flywheel ndipo ntchito yake ndi kudyetsa batire ndi nyali. Makoyilo ena amene timataya sanafe okha. Anapsa chifukwa wina analumikiza mbali ziwirizi molakwika.

Tsiku loyamba tinathera pa moto. Aphunzitsi, bambo wachikulire amene manja ake amachita kuonetsa kuti akhalitsa pa ntchitoyi, anaika pa tebulo injini yakale ya Briggs & Stratton yokhala ndi kondensa ndi mapoyinti, tizitsulo tiwiri timene timakhudzana ndi kulekana kuti moto utuluke pa nthawi yake. Kampani imeneyi, ya ku Milwaukee m'dziko la America, inayamba kuika koyilo yopanda mapoyinti yotchedwa Magnetron cha mu 1982, kotero injini yake iliyonse ya mapoyinti imene ingafike pa malo athu yadutsa zaka 40. Aphunzitsi atachotsa flywheel ndi kutsegula kachivundikiro, tinaona pamene mapoyinti amakhudzana pali zoyerayera ngati phulusa, ndipo chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri chinali chitasiya dzimbiri pa sipuling'i. Anapala ndi kapepala kosalala, nakonza mpata kukhala mamilimita 0.5, moto unabwerera. Koma anatikumbutsa kuti ntchito imeneyi idzafunikanso chaka chamawa, ndipo nthawi iliyonse flywheel iyenera kuchoka.

Kusinthira ku koyilo yopanda mapoyinti n'kosavuta. Koyilo yakale imachotsedwa, waya wopita ku mapoyinti amadulidwa, ndipo koyilo yatsopano imamangidwa pa malo omwewo. Mapoyinti angathe kusiyidwa momwemo osagwira ntchito. Koma amene wasankha kuwachotsa atseke kabowo ka kamtengo kamene kamawakankha, apo ayi oyilo adzayamba kutulukira pamenepo. Mpata wa pakati pa miyendo ya koyilo ndi maginito unatitengera nthawi. Pa injini zambiri za Briggs umakhala pakati pa mamilimita 0.25 ndi 0.35, pamene pa Honda GX160 ndi pafupifupi 0.4. Aphunzitsi analowetsa kakhadi kolimba pakati, namasula mabawuti, maginito anakoka koyilo mpaka inapana kakhadiko, ndipo atamanga anazungulitsa flywheel ndi dzanja kakhadi nkutuluka. Njira imeneyi tonse tingaikwanitse, ngakhale ine ndikuona kuti feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, ndi yodalirika koposa, chifukwa makhadi amasiyana kukhuthala kwake. Mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.7 mpaka 0.8.

Panali mfundo ziwiri zimene ndikupempha kuti aliyense wa ife azisunge. Yoyamba ndi ya waya wozimitsira injini. Waya ameneyu ntchito yake ndi kugunditsa koyilo ku thupi la injini kuti moto uthe, ndipo akangolandira mavoti 12 a batire, ngakhale kwa kamphindi, koyilo yapsa. Swichi ya kiyi ya injini ya maginito ndi swichi ya injini imene moto wake umachokera ku batire, monga zambiri za Kohler zakale za gulu la K, zimafanana maonekedwe ndipo zimalowa pa bowo limodzi, koma mkati zimagwira mosiyana: ina imagunditsa ku thupi, ina imapereka magetsi. Ndiyenera kuvomera pamaso panu kuti chaka chatha ine mwini ndinaotcha makoyilo awiri pa kathirakitala kotchetchera ka kasitomala wina, ndikumanena kuti makoyilowo anali achinyengo, pamene cholakwa chinali swichi imene ndinagula osaiyeza.

Yachiwiri ndi ya kachitsulo kakang'ono kamene kamagwirizanitsa flywheel ndi shafiti, kamene timakatcha kiyi. Mpeni wa makina ukagunda mwala kapena chitsa, zimene sizisowa m'mabwalo a kuno, kiyi ameneyu amadukako pang'ono, flywheel nkusuntha, moto nkumabwera pa nthawi yolakwika. Pulagi imaonetsa moto wabwino ndithu, koma injini imakana kulira kapena imabweza chingwe mpaka kupweteka dzanja. Pa Briggs kiyiyu ndi wa aluminiyamu mwadala, kuti aziduka iye shafiti ipulumuke. Kusula wina kuchokera ku msomali, monga ena timachitira, ndi kuika injini ya mwini pa chiswe.

Tsiku lachiwiri linali la tchaji, ndipo apa ndi pamene panabuka mtsutso. Timathirakitala tambiri totchetchera tili ndi stator yaing'ono yopereka ma amp 2 mpaka 4 kudzera mu diode imodzi (kachipangizo kolola magetsi kudutsira mbali imodzi yokha), popanda regulator yowongolera kuchuluka kwa mavoti. Mphamvu imeneyi imangobwezera zimene sitata yadya. Mwini akawonjezera nyali zowala kwambiri kapena chipangizo china cha magetsi, batire limafooka tsiku ndi tsiku. Kukweza kufika pa ma amp 15 kapena 16 kumafuna zinthu zitatu pamodzi: stator yaikulu, regulator yogwirizana nayo, ndiponso nthawi zambiri flywheel ya maginito aakulu mkati. Amene wagula stator yokha wataya ndalama.

Tinayeza tokha ndi mita. Batire labwino injini ili chete limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamathamanga mokwanira, cha pa maulendo 3,600 pa mphindi, liyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, timayeza stator payokha mita ili pa AC, mtundu wa magetsi amene stator imatulutsa. Ya Kohler ya ma amp 15 iyenera kupereka mavoti 28 kapena kuposa. Pa makina amene tinayesera, stator inali bwinobwino, regulator inalinso yamoyo, koma pamene inamangidwa panali penti ndi dzimbiri moti thupi lake silinkakhudza chitsulo. Mnyamata wina wa ku Domasi anapala pamenepo ndi mpeni, namanganso, ndipo manambala a pa mita anakwera tonse tikuona. Aphunzitsi anatichenjezanso kuti tisamachotse waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja, chifukwa regulator imaonongeka, ndi kuti pa waya wa tchaji pazikhala fuyuzi.

Anzathu ena ananena kuti regulator ya njinga yamoto, imene imapezeka mosavuta chifukwa cha kabaza, ingalowe m'malo. Aphunzitsi sanakanitsitse, koma anati mawaya ndi mphamvu zake zimasiyana, ndipo yaing'ono imatentha nkufa msanga. Msonkhano sunamange chimodzi pa nkhaniyi. Maganizo anga ndi akuti tisaike chinthu chotere pa makina a kasitomala tisanachiyese pa injini yathu.

Kuona kwanga, kuchotsa mapoyinti ndi ntchito yoyenera kuilimbikitsa kwa aliyense amene injini yake idakali ndi mphamvu, pakuti mtengo wake ndi wa koyilo imodzi ndipo mwini amapuma ku vuto la chaka ndi chaka. Kukweza tchaji n'kokwera mtengo, zipangizo zake mpaka tikazifune ku Limbe kapena kuziitanitsa kunja, choncho tizikuchita pokhapokha mita yaonetsa kuti magetsi akuchepadi, ndipo mwini tamufotokozera mtengo wonse ntchito isanayambe.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wa mwezi uno tikambirane zogula mita imodzi, feeler gauge ndi chokokera flywheel kuchokera m'thumba la gulu, kuti tileke kumenya shafiti ndi hamala. Ndikupemphanso Loweruka limodzi mvula isanagwe kuti ndidzaonetse achinyamata athu zimene ndaphunzira. Amene ali ndi injini yakale ya mapoyinti adzabwere nayo. Malisiti a ndalama za ulendo ndi chakudya ndapereka kale kwa a msungichuma, pamodzi ndi zotsala.

Ine nthumwi yanu.