Kwa Mavuto, za chombo chimene chimayankha msanga kuposa iwe

Mavuto mnzanga,

Kalata yako yafika, koma ndisanayankhe funso la Tadala, lofuna kudziwa za chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1, tiyambe ndi mlandu wako. Ndinakulembera mvula isanagwe, iwe wayankha chimanga chili m'nkhokwe. Chombo chimene mwana wako akufunsacho, Voyager 1, mu 2024 chinali pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, komabe akachitumizira uthenga yankho linkabwera m'maola 45: maola 22 ndi theka kupita, enanso 22 ndi theka kubwerera. Iwe uli pa Johannesburg pomwepa, pamene mabasi amapita sabata ndi sabata. Udzifunse wekha.

Umuuze Tadala kuti aphunzitsi ake sananame pa zimene anamuuza za chombochi. Chombocho chinanyamuka ku Cape Canaveral ku America pa 5 September 1977, chinzake Voyager 2 chitatsogola kale pa 20 August. Asadabwe kuti wachiwiri anatsogola, chifukwa Voyager 1 anaipatsa njira yachidule yoti ikafike msanga ku Jupiter ndi Saturn. Nzeru ya ulendowu inachokera kwa Gary Flandro wa ku JPL (malo ofufuzira a NASA, bungwe la America la za m'mlengalenga), amene mu 1965 anawerengetsa n'kupeza kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune zidzandandalika mbali imodzi ya dzuwa, zimene zimachitika kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Chombo chikadutsa kumbuyo kwa pulaneti lalikulu limene likuyenda, mphamvu yake yokoka imachikhotetsa n'kuchiwonjezera liwiro osawotcha mafuta. Voyager 1 inachita zimenezi pa Jupiter mu March 1979 ndi pa Saturn mu November 1980, ndipo kuchokera pamenepo ikungopita, makilomita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mu August 2012 inatuluka m'dera limene mphepo ya dzuwa, tinthu ting'onoting'ono totuluka m'dzuwa, imalamulira.

Izi angazipeze m'buku lililonse. Ngati akufuna malikisi, alembe za vuto la pa 14 November 2023. Tsiku limenelo chombo chinayamba kutumiza zopanda mutu, ma 1 ndi ma 0 ongobwerezabwereza. Malamulo chinkamva, wailesi inali bwinobwino, koma zotuluka zinali zosawerengeka. Vuto linali pa kompyuta yotchedwa FDS, imene imalongedza zimene zida zayeza pamodzi ndi lipoti la mmene chombocho chilili, zisanapite ku wailesi. Mainjiniya anayamba ndi mankhwala a aliyense, kuizimitsa n'kuiyatsanso. Sizinathandize. Kumayambiriro kwa March 2024 anatumiza lamulo loikakamiza kuyesa njira zina za pulogalamu yake, ndipo m'zimene zinabwera injiniya wina anazindikira kuti muli memory yonse ya FDS, kutanthauza zonse zimene kompyutayo inasunga. Ataiyerekeza ndi yakale anapeza kuti magawo atatu pa 100 awonongeka, onse pa chip chimodzi, kachipangizo kosungira zinthu m'kompyutamo. Chinachipha n'chiyani? Akuganizira ziwiri: kanthu kothamanga kwambiri ka m'mlengalenga kanachigunda, kapena changokalamba patatha zaka 46.

Chip chimenecho palibe angapite kukachisintha, ndipo panalibe malo amodzi opanda kanthu okwanira pulogalamu yonse imene chinkasunga. Kumbukira kuti makompyuta onse a m'chombomo ukawaphatikiza memory yawo ndi makilobaiti pafupifupi 70, osakwana n'chithunzi chimodzi cha pa foni. Ndiye anaidula pulogalamuyo m'zidutswa n'kuziika uku ndi uku, ngati ana amasiye ogawidwa kwa achibale, aliyense kumene kwapezeka mphasa. Chovuta sichinali kugawako ayi. Chidutswa chilichonse chimaitana chinzake potchula malo ake, choncho malo onse otchulidwa anayenera kulembedwanso, ndipo kulakwitsa nambala imodzi kukanatha kuipha kompyutayo. Ankadalira mapepala a zaka za m'ma 1970, olembedwa ndi anthu amene ambiri anapuma ntchito kapena anamwalira. Chidutswa choyamba anachitumiza pa 18 April 2024. Pa 20 April chombo chinalankhula zomveka. Pofika June zida zonse zinayi zinali kutumiza zoyeza zake. Mwezi womwewo Ed Stone, amene anatsogolera asayansi a Voyager kwa zaka 50, anamwalira ali ndi zaka 88.

Waona? Chombo chodwala mutu chinayankha Loweruka uthenga wa Lachinayi. Iwe uli ndi mutu wabwino, foni ziwiri malinga n'kunena kwa Chimwemwe, ndi positi ofesi pafupi. Ndikuganiza zolembera a NASA kuti aone chip chako.

Pepa ndi zilembo zopindika, magetsi azima ndipo cholembera ichi chikudumphadumpha. ANaphiri akuti chitenje chija sichinafike, ndipo akundiyang'ana ngati ndabisa ndine. Uwayimbire wekha, ine ndatopa kukhala loya wako.

Nkhani ya magetsi ndiyo imandisowetsa tulo pa chombochi. Dzuwa kumeneko silithandiza. Chimadalira majenereta atatu a plutonium-238: chitsulocho chimatentha chokha pamene chikutha, ndipo kutenthako kumasandutsidwa magetsi popanda kanthu kozungulira. Ponyamuka ankapereka mawati pafupifupi 470, koma amachepa ndi mawati 4 chaka chilichonse, ndipo palibe chobwezeretsa. Choncho ntchito ya amene akuchiyendetsa yasanduka yosankha chozimitsa. Makamera anawazimitsa mu 1990, atangojambula dziko lathu pa 14 February likuoneka kadontho pa mtunda wa makilomita 6 biliyoni. Mahita a zida zina anazimitsidwa, zidazo n'kupitirizabe kugwira m'chisanu choposa chimene anaziyesera. Mu February 2025 anazimitsa chida choyeza ma cosmic ray, tinthu tothamanga kwambiri ta m'mlengalenga. Wailesi yake ndi ya mawati 23 okha, mbale yake yotumizira ndi kulandirira uthenga ndi yotambalala mamita 3.7, ndipo kuti aimve amatchera mbale za mamita 70 za ku Goldstone ku America, Madrid ku Spain ndi Canberra ku Australia, uthenga ukudontha ma bit (ma 1 ndi ma 0 aja) 160 pa sekondi. Tsiku lina adzatchera, sadzamva kanthu, ndipo chombocho chidzangopitirira ulendo wake. Sindidziwa chifukwa chake zimenezi zimandikumbutsa malume ako a ku Dedza, mmene anayambira kusiya munda umodziumodzi.

Tisiye zolemetsa. Ichi Tadala akondwera nacho: m'mbali mwa chombo muli chimbale cha mkuwa chokutidwa ndi golide, chimene gulu lotsogozedwa ndi Carl Sagan linakonza, ndipo muli moni wa zilankhulo 55. Chimodzi mwa izo ndi Chinyanja. Mawu ake akufunsa anthu a m'maiko ena a kumwambako kuti ali bwanji. Ndiye moni wathu uli kutali kuposa chinthu china chilichonse chimene munthu anapanga, ukudikira yankho. Ine ndi chimbale chimenecho tili ndi vuto limodzi.

Chatsala n'cha timainjini toloza mbale ku dziko lapansi, chifukwa mbaleyo ikapotoka pang'ono basi kulankhulana kwatha. Voyager 2 inaonetsa zimenezi mu July 2023, lamulo lolakwika litaipotoza madigiri 2 okha, mpaka a ku Canberra anachita kuikuwira ndi mphamvu zonse za mbale yawo kuti itembenuke. Timainjinito timagwiritsa ntchito mafuta a hydrazine, ndipo labala wa m'thanki akamakalamba amasiya zotsalira m'timapaipi. Pa Voyager 1 kabowo ka m'timapaipimo ka mamilimita 0.25 kanatsala 0.035. Mu 2024 anafuna kusinthira ku timainjini tina, koma tinali tozizira kwambiri, kutiyatsa choncho kukanationonga, ndipo magetsi oyatsira hita panalibe pokhapokha atazimitsa china kwa kanthawi. Ndiye anasankha kuti... ayi, pepala latha, ndalemba kale m'mphepete. Zotsalazo ndikuuza ukayankha, ndipo usadikire dzinja lina. Moni kwa alamu.

Ndine,
Kondwani