Anawazimitsira chimkuzamawu, koma funso la mijigo silinayankhidwe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zomwe ndinaona ndi maso anga Loweruka lapitali pamsonkhano wa chitukuko umene unachitikira pabwalo la sukulu kwathu kuno. Khansala wathu, amene ndi mayi, anaimirira mapepala ali m'manja ndi kufunsa kumene kunapita ndalama zokumbira mijigo iwiri, popeza mpaka lero amayi akulawirira kudambo kukatunga madzi omwera pamodzi ndi ng'ombe. Asanafike patali, anyamata achipani omwe anakhala patsinde pa mtengo wa mango anayamba kukuwa kuti "hule iwe, khala pansi," ndipo mmodzi anathamanga kukazula chingwe cha chimkuzamawu. Mafumu analipo, aphungu analipo, akuluakulu a mipingo analiponso, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa kuwadzudzula.

Chimene chandisowetsa tulo n'chakuti pabwalo lomwelo amayi anali atavina kuyambira m'mawa, atavala nsalu za chipani, fumbi lili koboo, ena ali kuseri kuphikira alendo nsima. Nthawi yonseyo ankatchedwa "amayi athu" ndi kuomberedwa m'manja. Kodi ulemu wa mayi umathera pa kuvina ndi kululutira basi? Bwanji akangofunsa za ndalama za anthu asanduka hule, n'kuyamba kufunsidwa ngati ali pabanja? Sindinamvepo khansala wamwamuna akufunsidwa za mkazi wake asanaloledwe kuyankhula.

Anyamata amenewa amagwira K200 tsiku ndi tsiku, koma ndikukayika ngati anayang'anapo nkhope ya Rose Chibambo imene ili pa ndalamayo, mayi amene atsamunda anamutsekera m'ndende mu 1959 ali ndi mwana wakhanda chifukwa chomenyera ufulu umene anyamatawa akutukwanira lero. Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, anamangidwa mu 1981 ndipo anatuluka mu 1993. Nthawi zonse ndale zikavuta m'dziko muno, thupi la mayi ndi limene limalipira. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe chifukwa chovala mabuluku, patangotsala miyezi itatu kuti Joyce Banda akhale mtsogoleri wa dziko. Mu Okutobala 2019, zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho zili mkati, amayi a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa, ndipo zinatengera bungwe la maloya achizimayi kukafika kubwalo lalikulu la milandu kuti amayi 18 alamulidwe kulandira chipukuta misozi. Zonsezi zimayambira pa mawu onga amene ndinamva Loweruka, akuluakulu ali chete.

Malamulo tili nawo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa amayi, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuchitira munthu chipongwe chifukwa choti ndi mkazi. Tsono aunduna woona za amayi ndi mabungwe amene amatilalikira za 50:50 (kuti chiwerengero cha amayi ndi abambo m'maudindo chikhale chofanana) chisankho chikayandikira atiuze: akakopa mayi kuti apikisane nawo, iye n'kupambana, amamusiyiranji yekha pakati pa afisi? Atsikana asukulu anali pamenepo, ndipo anaona bwino lomwe zimene zimachitikira mayi woyankhula.

Khansala wathu sanakhale pansi. Anamanga chitenje chake mwamphamvu, nawerenga ndalamazo mokweza mawu mpaka kumapeto, ngakhale kuti anamva ndi okhala kutsogolo okha.

Ndikupempha zipani kuti zichotse wotsatira aliyense wotukwana mayi pamsonkhano, apolisi amange otere pompopompo, ndipo wapampando wolekerera zimenezi asapatsidwenso msonkhano woti atsogolere. Aphungu athu nawonso abwere adzatiuze kumene kuli mijigo iwiri ija mvula isanayambe.

Mphunzitsi wopuma pantchito