Aise, mlenje wa anamapopa uja wagwa m'chikondi

Aise,

Ndikhulupilira uli bho ku Joniko. Kuno ku Chitakale chiperoni chatikhalira masiku atatu, phiri silikuoneka olo pang'ono, zovala zikungonunkha chinyontho pa chingwe. Unafunsa ngati nkhani ndinkalemba ija ndinaitaya, ayi ilipo, ndimaitayipa pa foni usiku anthu akagona.

Mnyamata uja ndamusintha. Masana amathyola tiyi ku esiteti ngati wina aliyense, dengu kumsana, koma kukada amasaka anamapopa, ntchito yomwe anamusiyira agogo ake pamodzi ndi mphini za pachifuwa komanso mkondo wosema ku mkungudza. Zamtanda ndi adyo za m'mafilimu azungu zija ndazikana ine, wathu akuyenera kununkhira mkungudza wa m'phiri mwathu momwemu basi. Akatopa mizimu ya ku Sapitwa imamuikira nsima panjira, ndiye ukudziwa lamulo lake lija, ukaipeza umadya wekha osaitana mnzako.

Nde pamene yafika pano ndi pokoma. Wakumana ndi mtsikana wogulitsa nanazi pa Limbuli, akucheza miyezi, mpaka tsiku lina ali ku Dziwe la Nkhalamba mwezi ukuwala mnyamata kuyang'ana m'madzi akungodziona yekha, mtsikana ali pambali pake pomwepo koma m'madzimo mulibe. Ndipo mnyamata uja waona nsima ya mizimu panjira, mtima osapilira wamuitana kuti adye limodzi!! Kuyambira pomwepo mphini zasiya kugwira ntchito, ndipo pa ndewu ya pa Chambe abale ake a mtsikanayo amupanda mpaka Napolo kutembenuka pansi, miyala kugubuduka usiku onse.

Koma aise vuto ndi mayi. Anandimva ndikumuwerengera mlongo wanga, anangoti iwe ufuna atiotchere nyumba eti? Poyamba ndinaseka koma kenako ndinakhala phee, chifukwa 2017 ija iwe unali utapita kale, sunaone. September mpaka October anthu tinkagona panja m'magulu, kumenya zidebe usiku onse, anyamata atatseka misewu ndi miyala kusecha galimoto iliyonse ngakhale ambulansi, mlendo ongonyamula chikwama amaoneka ngati wabisa mapaipi opopera magazi. Anthu anaphedwa, kuno, ku Phalombe, mpaka zinafika ku Blantyre. A UN anachotsa antchito awo, a Peter Mutharika anachita kubwera okha kudzayankhula ndi anthu. Wopopa magazi weniweni ine sindinamuonepo, amene ndinaona ndi bambo wina akuthamangitsidwa, nsapato imodzi itatsala pamsewu.

Ndiye ndaikamo chaputala china, gulu lagwira munthu osalakwa, mlenje akudziwa bwinobwino kuti namapopa weniweni ali m'nyumba mwake akumuphikira tiyi, akaulula mkazi wake afa, akakhala chete afa winayo. Pamenepo ndaima sabata ziwiri tsopano, cholemba chikukanika.

Mlongo wanga akuti athawe onse awoloke pa Muloza akabisale ku Milange, ine ndikuona ngati kuphweka kwambiri. Iwe ukuti bwanji? Ndikutumizira pa WhatsApp bandulo ikapezeka, koma usaiponye mu gulupu ya kumudzi ija chonde, mayi alimo.

Ndine mnzako wa pa Chitakale