Tisoke yunifolomu ya Keyala monga inalili

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe timavekera ochita zisudzo zosonyeza asilikali akale. Posachedwa ndinaonera sewero la ana asukulu kuno ku Ntcheu lofotokoza za agogo athu amene anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anawo analankhula bwino ndipo ndinawaombera m'manja, koma anavala zamawangamawanga za pakaunjika ndi magalasi akuda, zovala zimene msilikali wa Keyala sanazionepo ndi maso ake.

Gulu la King's African Rifles, lomwe makolo athu ankalitchula kuti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno ku Nyasaland. Asilikaliwa anamenyana ndi Majeremani otsogozedwa ndi mkulu wa asilikali von Lettow-Vorbeck pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuyambira 1914 mpaka 1918, kenako pa nkhondo yachiwiri anakafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Pa perete ankavala malaya ndi kabudula wa khaki, chisoti chachitali chokhala ndi mphonje (chofiira kwa ambiri koma chakuda kwa a ku Nyasaland), ndi nsalu yaitali yokulunga mwendo kuchokera m'kakolo kufika m'munsi mwa bondo.

Ndikunena zimene ndinazigwira ndi manja anga. Agogo anga aamuna anabwera ku Burma ndi bokosi lachitsulo, ndipo mwezi wa Novembala uliwonse ankalitulutsa kunsi kwa bedi, n'kukhala pakhonde kupukuta mabatani amkuwa ndi phulusa mpaka anyezimire. Mendulo yawo ya Burma Star inali ndi kansalu kofiira pakati, kamizere yabuluu ndi yaolenji m'mbali. Atamwalira, njenjete zinadya chisoti chija, malaya tinawaduladula kukhala zigamba, ndipo lero kwatsala menduloyo ndi mabatani atatu. Mlandu umenewu ndi wathu apabanja, ndipo ndikukhulupirira kuti mabanja ambiri a ku Lizulu, ku Nsipe ndi ku Tsangano ali ndi mabokosi otere amene akuola mwakachetechete.

Chimene chinandiwawa kwambiri m'sewero lija ndi chakuti mwana woimira msilikali wamba anavekedwa nyota paphewa ndi lamba wachikopa wopingasa pachifuwa. Lamba ameneyu, wotchedwa Sam Browne potengera dzina la mkulu wa asilikali wa ku Britain amene anaduka mkono wamanzere ku India, unali chizindikiro cha maofesala, ndipo m'nkhondo ziwiri zija maofesala a Keyala ya kuno ku Nyasaland anali azungu. Munthu wakuda, ngakhale atalimba mtima chotani, ankathera pa ukopolo, usajeni kapena usajenimeja. Tikamuveka msilikali wathu nyota zimene sanaloledwe kuvala, tikubisira ana tsankho lomwe agogo awo analipirira, ndiponso tikuchepetsa tanthauzo la chaka cha 1972 pamene Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali a dziko lino. Nawonso amtengatenga, amene anasenza katundu wa nkhondo yoyamba ndipo ambiri anafera m'njira, sankaoneka ngati asilikali a pa perete, choncho aziwonetsedwa monga analili.

Pempho langa kwa a Malawi Defence Force ndi oyang'anira nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri n'lakuti asoketse yunifolomu ziwiri zathunthu, ya ofesala ndi ya msilikali wamba, motsatira zithunzi zakale ndi zovala zenizeni zimene zatsala. Atelala athu a pakhonde la sitolo, amene amasoka suti ya ukwati pongoona chithunzi, angathe ntchitoyi akapatsidwa muyeso wolondola wa matumba, kolala ndi utali wa kabudula, komanso nsalu ya khaki yolimba osati yoterera ya masiku ano. Chosokedwa chatsopano chilembedwe poyera kuti n'chofanizira, kuti wina asadzachigulitse kwa alendo ngati chakale. Asilikali okalamba amene akusamalidwa ku Cobbe Barracks ku Zomba afunsidwe msanga za kavalidwe kameneka, popeza iwo ndiwo akudziwa momwe nsalu ya m'miyendo ija inkakulungidwira kuti isamasuke paulendo.

Ovina beni ndi malipenga anatengera mayendedwe ndi kavalidwe kawo kwa asilikali omwewa, ndipo ali ndi ufulu wokometsera monga gule afunira. Koma sewero la kusukulu ndi phunziro la mbiri. Ine ndakonzeka kubwereketsa mabatani atatu aja kwa aliyense woyamba ntchitoyi, kuti aone kukula kwake ndi chizindikiro chimene chinadindidwapo.

Mdzukulu wa msilikali wa Keyala,
Lizulu, Ntcheu